Lachisanu Limene Ndinasenza Mlandu wa Abwana

Ndinagwirizira mpando wa woyang'anira ofesi ya zaulimi kwa zaka zambiri ndithu, kudera lina kuseri kwa Ntaja, cha kwa Kawinga. Kwa amene sanagwirepo ntchito m'boma, kugwirizira mpando ndiye kuti ntchito yonse ndi yako, mavuto onse ndi ako, koma mpandowo si wako. Tsiku lililonse akhoza kutulukira munthu ndi chikwama chake n'kukuuza kuti tasunthani. Kuti mpando ukhale wakowako pamafunika mawu a bwana wa kuboma, onena kuti munthuyu ndamuona, ntchito akuitha. Ine ndinkadikira mawu amenewo, uku zaka zopumira pa ntchito zikuyandikira. Ndinkafuna ndikapume ndili mwini mpando, osati mlonda wa mpando wa eni ake. Sindinkapempha china.

Kwathu ndi ku Balaka, ndipo ndinakulira m'kwaya ya tchalitchi cha Katolika. Pofika kudera lija Chiyao ndinkangodziwa moni basi. Ofesi ndinaipeza ili mbuu, fumbi mpaka pa mawindo, njinga yamoto ili pakona yopanda tayala, alangizi akufika dzuwa litakwera kale n'kusowanso nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Malipoti ankalemba ali pansi pa mtengo wa mango, kunena za minda imene sanapondemo. Ine pakamwa panga si pabwino, ndimadziwa. Ndinakalipa mpaka mawu kusasa. Iwo ankangoti "tamva amayi", mawa lake n'kuchita zomwezo.

Amene anandikhazika pansi anali wachiwiri wanga, bambo wa komweko, Msilamu wofatsa, wocheperapo kwa ine m'zaka. Ndinkamutchula kuti achimwene, iye ankanditchula kuti amayi. Anandiuza kuti vuto lalikulu linali Lachisanu. Ndondomeko yochokera kuboma inkaika misonkhano ya alimi Lachisanu masana, chifukwa masiku enawo ankadyedwa ndi za mu ofesi. Koma Lachisanu masana mudzi wonse uli ku mzikiti. Akatuluka kumeneko amakadya, amakazonda odwala, palibe amene angapite kukaima pa munda wachitsanzo kumvera za manyowa. Alangizi ambiri nawonso anali Asilamu, ankapita kukaswali osabwereranso. Mlangizi akapita kumudzi n'kupeza mbuzi zokhazokha, sabata yotsatira sapitanso, amangolemba kuti anapita.

"Bwanji Lachisanu tizitseka ikakwana nthawi yokaswali," anatero, "ndiye Loweruka m'mawa tonse tizipita kumunda? Maola ndi omwewo, amayi. Boma silitaya kanthu."

Ndinafunsa alangizi onse. Akhristu anang'ung'udza pang'ono za kuchapa ndi za maukwati a Loweruka, koma anavomera. Mwayi wake panalibe wa mpingo wa Sabata, apo ayi zikanavuta. Komabe maola a ntchito si a ine, ndi a boma, choncho ndinakwera minibasi kupita kuboma kukaonana ndi abwana.

Abwanawo anali munthu wamtali, wa phwete lalikulu, wodziwa kulankhula. Munthu ukalowa mu ofesi mwawo utakwiya, unkatuluka ukuseka, osadziwanso kuti unadzera chiyani. Anandimvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu.

"Nzeru zimenezi ndi zimene timafuna, amayi," anatero. "Kayambeni. Ine ndili pambuyo panu."

Ndinati, "Zikomo bwana. Mwina mukanangondilembera timawu tiwiri, kuti wina akafunsa ndizimuonetsa."

Anasiya kuseka, n'kundiyang'ana ngati ndawaponda chala. "Mwayamba liti kundikayikira? Mawu anga sakukukwanirani?"

Manyazi anandigwira. Ife tinaleredwa kuti wamkulu akanena wanena. Kumuuza kuti alembe kuli ngati kumutcha wabodza m'maso muli gwa. Ndinapepesa, iwo n'kuyambanso kuseka, n'kundiperekeza mpaka pakhomo.

Zinthu zinasintha, sindikunama. Loweruka m'mawa alimi ankabwera mwaunyinji, amayi ndi makasu awo, abambo atavala tizisoti tawo, kudzaona kabzalidwe ka nandolo ndi kapangidwe ka manyowa. Alangizi aja amene ndinkati ndi alesi anayamba kufika ine ndisanafike. Munthu akaona kuti pali anthu omumvera, ntchito amaikonda. Ndinasiya kukalipa. Amene wachedwa ndinkamuitanira pambali, amene wachita bwino ndinkamuyamikira pa gulu, ndipo ndinaona kuti njira imeneyi inkagwira kuposa kukuwa kwanga konse kuja. Lachisanu adhana, mawu oitanira anthu ku mapemphero, ikamveka ku mzikiti, tinkakiya ofesi, aliyense n'kuona njira yake. Ine ndinkapita kukachapa kunyumba kwanga, kuseri kwa ofesi komweko.

Wachiwiri wanga ndinamutenga ngati mlongo wanga weniweni. Kukabwera maphunziro a ku Zomba kapena ku Liwonde, aja amene aliyense amawalimbirana, ndinkatumiza iye m'malo mwa ine. Ndinamuphunzitsa kulemba lipoti lomveka, kuima pamaso pa anthu osanjenjemera, kudzudzula mnzake popanda kumunyoza. Mkazi wake atadwala nthawi yaitali, ndinagwira ntchito zake mwakachetechete, kuboma osadziwa n'komwe. Nthawi ya Idi ankanditumizira mpunga ndi nyama ya mbuzi, ine pa Khirisimasi ndinkaitana ana ake kudzamwa zoziziritsa kukhosi. Ndinkati ndikadzapuma, mpando udzakhale wake, ndipo ndinamuuza zimenezi ndi pakamwa pangapa.

Abwana nawonso anabwera Loweruka lina kudzaona okha. Anayenda m'minda, anajambulitsa ndi alimi, anadya mpunga ndi nkhuku, ndipo ponyamuka m'galimoto mwawo munalowa thumba la nandolo limene alimi anawapatsa. Atakwera kale anatsitsa galasi n'kundiuza kuti, "Chaka chino mpando uja ndi wanu, amayi. Musadandaule." Ndinauza ana anga ku Balaka pa foni tsiku lomwelo.

Ndiye linafika Lachisanu lija. Ndinali kuseri kwa nyumba, nditamanga chitenje m'chifuwa, manja ali thovu lokhalokha, pamene ndinamva magalimoto akuima pa ofesi. Ndinathamanga momwemo. Ndinapeza abwana ataima pakhomo lokiya, pamodzi ndi alendo ochokera kulikulu, ovala masuti. Ndinamva pambuyo pake kuti alendowo ankayendera madera, ndipo abwana anawakhotetsera ku ofesi yathu kuti akawaonetse minda yabwino, osakumbuka kuti ndi tsiku lanji. Pakati pa alendowo panali mayi wina wamkulu wa magalasi, amene enawo ankamuyenda pambuyo. Anayang'ana loko, anayang'ana wotchi, kenako anayang'ana thovu la m'manja mwanga.

"Ndinu woyang'anira pano?" anafunsa mayiyo.

"Eya, ndine."

"Antchito a boma ali kuti nthawi ino?"

Sindinachite mantha ayi. Ndinafotokoza bwinobwino kuti Lachisanu timaweruka masana chifukwa anthu amakaswali, ndipo timabweza maolawo Loweruka m'mawa. Ndinamaliza ndi mawu akuti, "monga tinagwirizana ndi abwanawa."

Mayi uja anatembenukira kwa abwana. Abwana anatukula nsidze, n'kutambasula manja.

"Tinagwirizana chiyani, amayi?" anatero. "Ine zimenezi ndikuzimva lero."

Mawu anali pakamwa penipeni. Ndikanatha kunena za nkhuku imene anadya Loweruka lija, za thumba la nandolo, za zithunzi zimene zinali mu foni mwawo momwemo. Koma kuntchito kwathu kuli mwambo umene sulembedwa paliponse, ndipo aliyense amaudziwa: bwana sumutsutsa pamaso pa alendo. Ukamuvula pagulu, ngakhale ukunena zoona, wolakwa ndiwe. Wamng'ono amasenza, wamkulu n'kudzakonza kuseri. Ndinaonapo anzanga akuchita zimenezi, n'kudzalandira zabwino pambuyo pake. Choncho ndinameza mawu, ndinayang'ana pansi, ndipo alendo anakwera magalimoto osaona ngakhale munda umodzi.

Dzuwa lisanalowe foni inalira. Anali abwana, mawu ali ofewa ngati palibe chachitika.

"Amayi, mwandisunga lero. Ndinu munthu wamkulu, ndaona. Anthu aja ndi ovuta, ndikanavomera pamene paja tikanapsa tonse awiri, ndiye akanakuthandizani ndani? Tsopano tamverani. Kubwera kafukufuku pang'ono, wongokwaniritsa mwambo. Inu mukangovomera kuti munaganiza nokha, mupepese, basi. Zotsalazo mundisiyire ine."

"Nanga mpando uja, bwana?"

"Mpando ndi wanu. Kodi ndinakunamizanipo ine?"

Funso limenelo likundiwawabe mpaka lero, chifukwa munthuyo anali atangonama masana omwewo, ine ndikuona ndi maso angawa, koma ndinayankha kuti iyayi bwana.

Ndinamufotokozera wachiwiri wanga zonse Loweruka m'mawa, tili m'munda wa nandolo. Anapukusa mutu, n'kunena kuti Mulungu akuona. Ndinamuuza kuti ine ndikavomera monga anenera abwana, koma iye akafunsidwa akanene zoona zokhazokha: kuti maganizo anachokera kwa iye mwini, kuti alangizi onse anavomera, kuti Loweruka timagwiradi ntchito ndipo alimi akupindula. Za abwana asakatchule, ndinatero, zimenezo ndasenza ine. "Musadere nkhawa amayi," anatero. "Ine ndi inu ndife amodzi."

Kafukufuku uja anachitikira kuboma, m'chipinda cha misonkhano. Kutsogolo kunakhala anthu a ku ofesi yoona za antchito, ndi mlendo mmodzi wa kulikulu, abwana ali pambali akusewera ndi makiyi a galimoto. Ndinaimirira n'kunena zimene anandiuza. Ndinati ndinasintha maola pandekha, osapempha chilolezo, ndipo ndikupepesa. Pakamwa pankawawa ngati ndatafuna tsabola, koma ndinanena. Mlembi ankalemba mawu anga onse.

Kenako anaitana wachiwiri wanga. Analowa atavala jekete limene sindinaliwonepo, n'kukhala osandiyang'ana. Atamufunsa kuti maganizo otseka ofesi Lachisanu anachokera kwa ndani, anakhosomola pang'ono.

"Ife timangotsatira zimene atiuza otiyang'anira," anatero. "Amayiwa akanena chinthu, kuwatsutsa n'kovuta. Aliyense amadziwa mmene amakalipira."

Anamufunsa ngati iye anawachenjezapo amayiwa kuti n'kulakwira malamulo.

"Ndinayesapo," anatero, "koma ine ndine wamng'ono."

Ndinamuyang'ana munthu uja, khosi lake, makutu ake, manja amene anali atawapinda pamiyendo. Ndinkayembekeza kuti mwina atembenuka, aone nkhope yanga, achite manyazi. Sanatembenuke. Analankhula momveka bwino, mosanjenjemera, mmene ndinamuphunzitsira ine ndemwe. Za Loweruka sanatchule n'kamodzi komwe, ndipo palibe anamufunsa. Nditakweza dzanja kuti ndiyankhepo, wapampando anati, "Amayi, inu mwavomera kale. Tisabwererenso m'mbuyo." Ndinayang'ana abwana. Anali akuyang'ana pawindo.

Sipanapite nthawi, chigamulo chinabwera. Anati popeza ndinavomera ndekha kuti ndinaphwanya malamulo a maola a ntchito, sindingapatsidwe udindo woyang'anira anthu. Ndibwerere pa giredi yanga yakale, ndipo andisamutsira ku Balaka, kuti ndikakhale pafupi ndi kwathu. Anachita kulemba choncho, ngati akundichitira chifundo. Wogwirizira mpando watsopano anali wachiwiri wanga. Ndinaimbira abwana kangapo konse, foni inkangolira. Nditapita ku ofesi kwawo, mlembi wawo anati ali mu msonkhano, ine ndikumva phwete lawo kuseri kwa chitseko.

Ndinapsa mtima, ndipo ndinalira, sindibisa. Za abwana ndinkatha kuzimvetsa pang'ono, munthu wamantha amateteza mimba yake. Koma uyu amene ndinkadya naye m'mbale imodzi, amene maganizo onsewo anali ake, ndi amene anandipweteka kwenikweni. Sanabwere kunyumba kwanga ngakhale kudzanama kuti pepani. Tikakumana pa ofesi ankati "mwadzuka bwanji amayi", maso ali pa nsapato zanga.

M'boma munthu sachoka opanda mwambo wotsanzikana, ngakhale amene amuchotsa ngati galu. Anakonza wanga Loweruka lina masana, pabwalo la ofesi. Anabwereka mipando ku sukulu, anaphika mpunga, anaitana alimi otsogola ndi ashehe a mzikiti wapafupi. Ndinkafuna kukana, koma mwana wanga wamkazi anati pitani amayi, angamati mwathawa. Abwana anabwera, atavala malaya a maluwa, n'kundikumbatira pamaso pa anthu onse.

Analankhula nthawi yaitali. Anati amayiwa ndi chitsanzo cha wantchito wodzichepetsa, amene akalakwa amavomera, ndipo achinyamata atengerepo phunziro. Anthu anawomba m'manja. Kenako anati ali ndi nkhani yabwino. Ofesi yawo, itaganizira mozama za chipembedzo cha anthu a dera lino, yapempha kulikulu ndipo kwavomerezedwa kuti kuyambira tsopano ofesi ino izitseka Lachisanu masana n'kumagwira ntchito Loweruka m'mawa. Anati maganizo amenewa anabwera nawo ndi woyang'anira watsopanoyu, ndipo anachita bwino kudzera m'njira yoyenera. Amayi a m'mudzi analuluta. Ashehe anagwedeza mutu mokondwa. Wachiwiri wanga uja anaimirira n'kuwerama pang'ono.

Ndiye anandipatsa mphatso, nsalu ndi beseni, n'kunena kuti amayi alankhulepo mawu otsiriza.

Ndinaimirira. Mawu anatuluka bwinobwino. Panalibenso chondiopsa, mpando unali utapita kale. Ndinati, "Zikomo nonse. Koma ndisanapite ndinene chinthu chimodzi, poti lero palibe alendo. Za Lachisanuzi si zatsopano. Tazichita limodzi nthawi yonseyi, nonse mukudziwa. Anayambitsa ndi achimwenewa, ndipo abwanawa anavomera ndi pakamwa pawo mu ofesi mwawo. Anabwera pano Loweruka, tinadya nawo limodzi. Ine ndinavomera mlandu chifukwa anandipempha kuti ndiwasunge. Sindinalakwe kanthu. Alangizi muli apa, ngati ndikunama nenani."

Panakhala bata. Ndinawayang'ana mmodzimmodzi, anthu amene ndinayenda nawo m'matope, amene ndinawaikira kumbuyo kuboma akachedwa ndi malipoti, amene ndinapita kumaliro a abale awo. Ndinkangofuna mmodzi yekha anene kuti n'zoona. Mpando sukanabwerera, ndinkadziwa, koma ndikanakwera minibasi dzina langa lili loyera. Wina ankakanda m'mutu, wina ankayang'ana foni, wina anatola kamtengo n'kumalemba pansi.

Amene anathetsa batalo anali abwana. Anaseka phwete lawo lija, n'kumenya pa tebulo.

"Amayi awa ndiye tidzawasowa," anatero. "Nthabwala zawo mpaka tsiku lomaliza."

Woyamba kuwathandiza kuseka anali wachiwiri wanga. Kenako alangizi ena anatsatira, wina pambuyo pa mnzake, poyamba motsitsa, kenako momasuka, chifukwa kuseka kunali kopepuka kuposa kuyankha. Alimi amene sanamvetse bwino Chichewa changa chothamanga anaseka nawo poona kuti akuluakulu akuseka. Ine ndinali chiimire, beseni lili m'manja. Wina anati tiyeni tipemphere chakudya chizizira, ndipo anayamba kugawa mbale.

Sindinadye. Ndinaika beseni lija pampando, n'kutuluka pabwalo, n'kuitana wakabaza kuti andifikitse pa Ntaja. Palibe anandithamangira. Katundu wanga anachita kukatenga mwana wanga sabata yotsatira.

Ku Balaka anandipatsa tebulo m'khonde la ofesi, pafupi ndi pomwe amaimika njinga, popanda munthu ndi mmodzi yemwe womuyang'anira. Ndinakhala pamenepo mpaka tsiku lopuma pa ntchito, pa giredi yomwe ndinali nayo ndisanapite kwa Kawinga. Wachiwiri wanga uja anamutsimikizira mpando chaka chisanathe. Mu mbiri yanga ya ntchito, imene ili kulikulu mpaka lero, munalembedwa kuti ndinachotsedwa pa udindo chifukwa chotseka ofesi ya boma popanda chilolezo, ndipo ndinavomera ndekha. Amene angawerenge sadzapeza bodza lililonse mmenemo, poti mawuwo ndinawanenadi ine.